Ndinanama pa fomu ya mowa ku chipatala cha ubereki

Ndinanama pa funso loyamba lenilenilo. Pepala linafunsa kuti ndimamwa mowa kangati, ndipo ine, mayi wa zaka 36, wovala mwaulemu, woimba kwaya Lamulungu, ndinachonga pamene panalembedwa kuti kamodzi pamwezi kapena osafika. M'furiji kunyumba munali botolo la vinyo lotsala pang'ono, limene ndinalitsekula dzulo lake lomwelo. Amuna anga anakhala pambali panga akulemba fomu yawo. Anasuzumira yanga, ine ndinasuzumira yawo, tonse n'kukhala chete ngati sitinaone kanthu.

Ndimakhala ku England, m'chigawo cha Midlands, ndipo ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Tinakwatirana mu 2017, chinkhoswe kumudzi, ukwati ku Lilongwe. Pofika 2022 tinali titatha zaka 5 m'banja popanda mphatso. Amene munadutsamo mukudziwa mmene foni yochokera kumudzi imayambira: moni, mvula, mtengo wa feteleza, kenako apongozi amatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Nanga palibe chachilendo uko?" Chaka choyamba umaseka. Chachitatu umayamba kuiyang'ana foni ikulira mpaka isiye yokha. Anatitumizirapo mitsitsi yokulunga m'nyuzipepala kudzera mwa munthu wina wobwera kuno, ndi malangizo akuti ndiziviika m'madzi n'kumamwa m'mawa. Ndinamwa. Ndinasalanso kudya, ndinapemphereredwa. Kumene tinachedwa kupita ndi kuchipatala.

Madokotala amawerenga kuti pali vuto la kusabereka ngati banja latha miyezi 12 likugonana mosadziteteza koma pathupi osabwera, ndipo kuno mayi akafika zaka 36 samudikiritsanso chaka chonsecho. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti pafupifupi munthu 1 mwa 6 aliwonse amakumana ndi vutoli pa moyo wake. Ife tinkadziona ngati tili tokha pansi pa thambo. Titalimba mtima n'kupita kwa GP, dokotala wathu wa m'dera amene munthu amayambira kuonana naye kuno, anatiyeza zoyambirira n'kutitumiza ku chipatala cha ubereki, ndipo kumeneko ndi kumene anatipatsa mafomu aja, okhudza fodya, kulemera kwa thupi, matenda akale, ndi mowa.

Ndinanamiranji? Zifukwa zinali ziwiri, ndipo zonse ndikuzimvetsa mpaka lero. Choyamba ndi mantha. Ndinkaganiza kuti fomuyo ndi msampha, kuti ndikangonena zoona andichotsa pamzere, n'kundiuza kuti pita ukayambe wasiya uchidakwa. Chachiwiri ndi manyazi amene tinayamwira. Kwathu mwamuna akamwa amati akucheza, mkazi akamwa amati walowerera. Nanga mkazi wosabereka akamamwanso? Ndiye kuti anthu apeza yankho limene ankalifuna: n'chifukwa chake m'nyumba muja muli zii. Sindinafune kuti pepala lililonse padziko lapansi likhale ndi dzina langa, mawu akuti kusabereka, ndi mawu akuti mowa pa tsamba limodzi.

Namwino amene anatilandira anapempha kuti alankhule ndi aliyense payekha. Anali mayi wachikulire, wosapupuluma. Anayang'ana fomu yanga, sanakwinye nkhope, anangofunsa zina: tulo, ntchito, mashifiti ausiku. Kenako anafunsa ngati akungocheza, "Tsiku limene mwamwa, pamafunika matambula angati kuti muyambe kuumva m'mutu?"

Ndinaseka. Ndinayankha monyadira ndithu, "Ine? Mwina atatu kapena anayi. Mutu wanga ndi wolimba."

Mawu atangotuluka ndinadziwa kuti ndadzigwiritsa ndekha. Munthu womwa tambula imodzi pamwezi sangafunike matambula 4 kuti aumve. Thupi limazolowera chimene umalipatsa kawirikawiri. Pambuyo pake ndinadzamva kuti funso limenelo si lake namwinoyo ayi. Lili m'gulu la mafunso 4 otchedwa T-ACE, amene dokotala wina wa ku Detroit, Robert Sokol, ndi anzake anawakonza mu 1989 kuti azifunsa amayi oyembekezera. Atatu enawo amafunsa ngati anthu anakukwiyitsapo pokudzudzula za kamwedwe kako, ngati unaganizapo zochepetsa, ndi ngati unamwapo m'mamawa kuti uphe matsire. Amenewo munthu amawazindikira msanga n'kuwazemba. Koma la matambula lija silioneka ngati mlandu, mwinanso limakoma kuyankha, ndipo ukangotchula oposa 2 wapeza kale mapointi okwanira kuti akufunse zambiri.

Namwinoyo sanandiuze kuti ndanama. Anatenga fomu ina yosalembedwa n'kunena kuti, "Tiyeni tiyende limodzi sabata yathayi. Lolemba munachokera kuntchito nthawi yanji?" Tinayenda tsiku ndi tsiku. Lolemba ndinaweruka shifiti yausiku 8 koloko m'mawa, tulo tinakana, ndinamwa matambula awiri kuti ndigone. Lachitatu chimodzimodzi. Lachisanu tinali ndi alendo. Loweruka kunali phwando la mwana wa mnzanga amene anakwanitsa chaka, ndinanyamula mwanayo tsiku lonse ndikumwetulira, n'kukafikira pa botolo kunyumba. Titawerenga, anakwana mabotolo atatu a vinyo pa sabata imodzi. Ndinakhala ndikuyang'ana nambalayo ngati ndi ya munthu wina.

Apa ndifotokoze za mayuniti, chifukwa ndi pamene ambiri timadzinamiza popanda kufuna. Kuno yuniti imodzi ndi 10 ml ya mowa weniweniwo umene uli m'chakumwacho, kapena magalamu 8. Kuwerenga kwake n'kosavuta: tengani kuchuluka kwa chakumwa mu ml, chulukitsani ndi peresenti yolembedwa pa botolo, gawani ndi 1,000. Botolo la vinyo la 750 ml la 13% limatuluka mayuniti pafupifupi 10. Tambula yaikulu ya 250 ml, ija timaitcha "kamodzi kokha", ndi mayuniti opitirira 3. Botolo laling'ono la mowa la 330 ml la 5% ndi yuniti imodzi ndi theka n'kupitirira pang'ono. Ndipo tambula yodzithirira wekha kunyumba siyofanana ndi ya ku bala, dzanja la mwini wake ndi lopatsa. Madokotala aakulu a boma la UK ananena mu 2016 kuti munthu wamkulu, mwamuna kapena mkazi, asamapitirire mayuniti 14 pa sabata, ndipo kwa mayi woyembekezera kapena amene akufuna pathupi, chotetezeka kwambiri n'kusamwa n'komwe. Ine ndinali pa 30.

Fomu imene ndinanamapo ija imatchedwa AUDIT-C. Ndi mafunso atatu oyambirira a fomu yaikulu ya mafunso 10 yotchedwa AUDIT, imene inakonzedwa ndi WHO. Loyamba: mumamwa kangati. Lachiwiri: tsiku limene mwamwa, mumamwa mayuniti angati. Lachitatu: ndi kangati pamene mumamwa mayuniti 6 kapena kuposa nthawi imodzi, ngati ndinu mayi, kapena 8 ngati ndinu bambo. Funso lililonse lili ndi mapointi kuyambira 0 mpaka 4, onse pamodzi 12. Ku England ukapeza 5 kapena kuposa amapitiriza ndi mafunso 7 otsalawo. Ku America ambiri amayambira pa 3 kwa amayi. Pa fomu yabodza ndinapeza 1. Pa yoona ndinapeza 9. Titamaliza mafunso onse 10 ndinafika pa 14, ndipo anandionetsa pamene 14 imakhala: kuyambira 8 mpaka 15 amati chiopsezo chikukwera, 16 mpaka 19 chiopsezo chachikulu, 20 kupita m'tsogolo mwina thupi lagwidwa kale moti silingakhale popanda mowa.

Ndinalira, ndipo ndinafunsa funso limene linali pakhosi chiyambire: "Ndiye kuti ndine ndinadzitsekera ndekha?"

Yankho lake ndimalisungabe. Anati mowa sutseka machubu odutsamo mazira, ndipo sangandiuze kuti mowa ndi umene wandimana mwana asanandiyeze. Anati fomuyo sinapangidwe kuti ipeze wolakwa. Amafunsa aliyense wolowa pakhomopo, wakwaya ndi wakubala yemwe, chifukwa pa zinthu zambiri zimene zimakhudza chithandizo, monga zaka zanga ndi kuchuluka kwa mazira otsala, palibe chimene ndingasinthe, koma ichi ndingathe.

Ndine munthu wosakhutira ndi mawu otonthoza, choncho ndinakafufuza ndekha, ndipo ndikuuzani mmene ndinazipezera popanda kukokomeza. Kafukufuku wa ku Denmark amene anatuluka mu 2016 anatsatira amayi opitirira 6,000 amene ankafuna pathupi mwachilengedwe. Amene ankamwa zakumwa zosafika 14 pa sabata sanaoneke kuti akuchedwa kuima kuposa osamwa. Kutsika kunaoneka mwa amene ankafika 14 kapena kuposa, ngakhale kuti amenewo anali ochepa moti ofufuzawo sanatsindike kwambiri. Koma kwa amene ali pa IVF, chithandizo chimene amakumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi n'kudzaliika m'chiberekero, nkhani ndi ina. Kafukufuku wa ku Boston wa mu 2011, wa mabanja opitirira 2,500, anapeza kuti amayi omwa zakumwa 4 kapena kuposa pa sabata mwayi wawo wobereka mwana wamoyo unali wotsika ndi 16%, ndipo pamene onse awiri, mwamuna ndi mkazi, ankamwa motero, unatsika ndi 21%. Zakumwa 4 zokha. Kumeneko si kuledzera, ndi kucheza kwa Loweruka limodzi. Kafukufuku wotere sangalumbire kuti mowawo ndiwo wachititsa, koma ukaganiza za jakisoni wa tsiku ndi tsiku, ndalama, ndi misozi imene IVF imadya, sufuna kutaya ngakhale kachidutswa ka mwayi chifukwa cha tambula.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri si manambala amenewo koma nkhani ya masabata awiri. Kuchokera tsiku limene dzira lakumana ndi umuna kufika tsiku limene ungayeze n'kudziwa kuti waima, pamadutsa masabata pafupifupi awiri, ndipo ambiri amazindikira mochedwerapo kuposa pamenepo. Pofika masiku 28 kuchokera pamene pathupi payambira, kanjira kamene kamadzasanduka ubongo ndi msana wa mwana kamakhala katatseka kale. N'chifukwa chake amatiuza kuyamba kumwa folic acid, ma microgram 400 patsiku, tisanaime. Mowa umene mayi wamwa umadutsa n'kufika kwa mwana, ndipo chiwindi cha mwanayo sichingathane nawo. Vuto limene limatsatira amalitcha FASD: mwana amatha kubadwa wochepa thupi, kuvutika kuphunzira, kuiwalaiwala, kulephera kukhazikika, ndipo silichizika. Madokotala a ku America analipatsa dzina loyamba, lakuti fetal alcohol syndrome, mu 1973. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, madera a minda ya mphesa ku Western Cape ali m'gulu la malo amene vutoli ndi lochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mizu yake ili m'chizolowezi chakale cholipira antchito a m'minda ndi vinyo. Ine ndinkati ndidzasiya ndikadzaima. Sindinaganize kuti mayi amene akuyesa mwezi ndi mwezi amakhala theka la mwezi uliwonse asakudziwa ngati ali yekha m'thupi mwake.

Tsopano za amuna anga, ndipo andilola kunena. Titatuluka tsiku limenelo, m'galimoto munali chete mpaka pa roboti yachiwiri. Ndinati, "Inu mwalemba chiyani pa fomu paja?" Anati, "Ndalemba kuti mwa apo ndi apo." Ndinati, "Apo ndi apo wake ndi Loweruka ndi Lamulungu lililonse kuli mpira?" Anaseka, kenako anasiya kuseka. Iwo samwa mkati mwa sabata, ndipo pachifukwa chimenecho ankadziona kuti si omwa. Koma Loweruka limodzi, mpira ndi nyama yootcha kwa anzawo, ankatha kumwa zitini 6 n'kuonjezera ka brandy, kapena Malawi Gin wina akabwera naye kuchokera kumudzi. Funso lachitatu lija linapangidwira anthu oterowo.

Zotsatira zitabwera, aliyense anapatsidwa gawo lake. Ine chubu chimodzi chinali chotsekeka, ndipo m'chiberekero munali zotupa zing'onozing'ono zimene amati ma fibroid, zimene amayi akuda timakhala nazo kwambiri. Amuna anga umuna wawo unali ndi mbewu zochepa, zinanso zosayenda bwino. Zaka 5 zonse zija mitsitsi inkabwera ya ine ndekha, mapemphero a ine ndekha, funso la apongozi kwa ine ndekha. Pomwe m'mabanja pafupifupi 3 mwa 10 ovutika kubereka, gwero limapezeka kwa bambo, ndipo m'mabanja ambiri muli kanthu mbali zonse ziwiri. Sindikunena izi mokondwera. Ndinaona mmene nkhope ya mwamuna wanga inagwera, chifukwa naye anakulira kumene mawu akuti gojo amapha munthu akuyenda. Dokotala anawafotokozera kuti kukhala ndi mbewu zochepa n'kosiyana ndi kulephera m'nyumba, kuti kumwa kwambiri kumaononga umuna, ndiponso kuti thupi limatenga masiku opitirira 70 kupanga mbewu zatsopano, choncho adzayezenso pakatha miyezi 3. Miyezi itatu imeneyo ndi imene tinagwirizana kusiyira limodzi. Kunena zoona, akanapitiriza kubwera kunyumba akununkha mowa ine ndikumwa tiyi, sindikanatha.

Pali chenjezo limene namwino anandipatsa ndisanachoke, ndipo musalidumphe. Anandifunsa ngati manja amanjenjemera m'mawa, ngati ndimatuluka thukuta usiku, kuchita nseru kapena nkhawa yaikulu ndikakhala tsiku osamwa, ndi ngati ndimafuna kaye kumwa kuti tsiku liyambe. Ine ndinalibe zimenezo, choncho ndikanatha kungosiya. Koma munthu womwa kwambiri tsiku lililonse amene ali ndi zizindikirozo asasiye mwadzidzidzi payekha. Thupi likhoza kugwidwa ndi khunyu, mutu kusokonezeka, ngakhale imfa imene. Ameneyo amafunika kuchepetsa pang'onopang'ono kapena kupatsidwa mankhwala moyang'aniridwa ndi achipatala. Apa ndi pamene bodza la pa fomu limaopsa kwenikweni: ukalemba kuti sumwa, akakuuza kuti siyiratu, iwe n'kukasiya usiku umodzi, palibe amene akudziwa kuti uli pangozi.

Kusiya kunandiphunzitsa kuti sindinkamwa chifukwa chokonda kukoma kwa vinyo. Ndinali ndi nthawi zitatu. Ndikaweruka usiku tulo n'kukana. Ndikatsitsa foni ya kumudzi. Ndi tsiku limene msambo wabwera. Yachitatuyi ndiyo inali yaikulu. Mwezi wonse umawerenga masiku, ukachedwa ndi tsiku limodzi mtima umayamba kusankha mayina, kenako umalowa m'bafa n'kuona magazi. Palibe maliro, palibe wobwera kudzakupepesa, mawa uyenera kukasambitsa agogo a eni ake ukumwetulira. Botolo ndilo linkandikhalira pa siwa. Zipatala za ubereki kuno zimalamulidwa ndi bungwe loziyang'anira la HFEA kuti zipereke mwayi wolankhula ndi mlangizi, ndipo ine, amene ndinkati zimenezo n'za azungu, ndinapita. Mlangiziyo sanandiuze zanzeru zachilendo. Anangondifunsa kuti tsiku la msambo ndimauza ndani. Ndinalibe yankho. Kuyambira pamenepo ndimatumizira achemwali anga ku Blantyre uthenga wa mawu amodzi, iwo n'kuimba, nthawi zina osalankhula n'komwe za nkhaniyo, kungondiuza za mbuzi za amalume.

Za tulo ndinapempha kuti andichepetsere mashifiti ausiku, ndinagula makatani ochindikala, ndipo ndinadabwa kuona kuti vinyo uja ankandigonetsa msanga koma n'kundidzutsa pakatha maola atatu. Za foni ya kumudzi, amuna anga anayamba kuyankha okha. Tsiku lina ndinawamva akuuza mayi awo kuti, "Amayi, nkhaniyi tili nayo kuchipatala tonse awiri, ine ndi apongozi anuwa. Musamawafunsenso okha." Kunali zii kwa kanthawi kumbali inayo. Mitsitsi sinabwerenso.

Chimene sindinakonzekere ndi anthu athu. Pa phwando loyamba nditasiya, mnzanga anandibweretsera tambula monga mwa masiku onse, ine n'kukana. Anandiyang'ana kumaso, anayang'ana pamimba, n'kukuwa, "Asisi! Zatheka eti?" Amayi awiri analulutira. Wina anandikumbatira. Ndinaima pakati pa balaza la eni ake, ndili kumwezi tsiku lomwelo, ndikufotokozera anthu osangalala kuti ayi, palibe. Ndinakalirira m'galimoto. Ngati mwaganiza zosiya, konzekeranitu yankho musanafike pa anthu. Ine ndinayamba kufika ndi chakumwa changa m'manja, n'kumanena kuti ndine woyendetsa galimoto lero, kapena kuti adokotala andiletsa chifukwa cha mankhwala, zimene sizinali zabodza. Ndipo inu amene mnzanu wakana mowa, mpatseni Fanta, tsekani pakamwa.

Kwa amene muli kumudzi, kapena ku Zambia ndi ku Mozambique, mwina ku chipatala kwanu sakupatsani fomu yotere, mwina sakufunsani n'komwe, makamaka mukaoneka mayi wopemphera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: nenani nokha. Mafunso atatu aja mungadzifunse muli pakhonde. Vuto n'lakuti kachasu alibe chizindikiro cha peresenti, mphamvu yake imasiyana ndi wotcheza, ndipo masese amapitiriza kuwira tsiku ndi tsiku, choncho musavutike ndi masamu, ingomuuzani dokotala kuti mumamwa chiyani, m'chiwiya chotani, kangati. Thobwa logonera masiku nalonso limayamba kuluma, musalitenge ngati phala. Mutchulenso mankhwala azitsamba amene mukumwa, makamaka ngati ena amasakanizidwa ndi mowa. Ndipo bambo apite nawo, ayezedwe, afunsidwe mafunso omwewo. Kuyeza umuna n'kosavuta ndiponso kotchipa kuyerekeza ndi zimene mayi amadutsamo.

Kwa amene mwabwera ku England posachedwa pa viza ya ntchito, dziwani ichi musanawerengere chithandizo chaulere: kuyambira mu 2017, ndalama ija timalipira ya zaumoyo pofunsira viza siiphatikiza IVF. Ife tinathandizidwa ndi NHS, zipatala za boma za kuno, chifukwa tinali titapeza kale mapepala okhalitsa. Malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala kuno, amati mayi wosafika zaka 40 apatsidwe maulendo atatu a IVF, koma dera lililonse limaika malamulo akeake, ena amapereka ulendo umodzi wokha, ndipo ambiri amayang'ana kulemera kwa thupi ndi fodya. Funsani malamulo a dera lanu msanga. Kwa ine, mapointi 9 a pa fomu aja sanandichotse pamzere. Anangolemba kuti tikambiranenso pakatha miyezi itatu, nthawi yomweyo imene amuna anga ankadikira kuyezanso.

Atayezanso, mbewu zinachulukako ndithu, ngakhale sizinafike pamene dokotala ankafuna. Kaya ndi kusiya mowa, kaya ndi kusinthasintha kwa thupi, iye anati sangalumbire. Anatipangira IVF ya mtundu umene amabaya mbewu imodzi m'dzira, wotchedwa ICSI. Anatenga mazira 9, anayi anakula bwino, limodzi analiika m'chiberekero, awiri anawasunga mozizira, linalo linaima panjira. Ndinali nditatha miyezi 8 osalawa dontho. Ndinamwa folic acid, ndinabaya jakisoni pa nthawi yake, ndinachita zonse zimene anandiuza. Patatha masabata awiri kachipangizo koyezera kanaonetsa mzere umodzi, kutanthauza kuti sindinaime.

Madzulo amenewo amuna anga ali kuntchito ndinapita ku shopu ya pakona, ndinagula botolo, ndinalimaliza ndekha nditakhala pansi m'khitchini. Ndinali wokwiya ndi namwino uja, ndi fomu yake, ndi miyezi 8 ya tiyi wa rooibos. Ndinkadzifunsa kuti ndinasiyiranji, poti amayi ena amaima ataledzera usiku wa Khirisimasi. Palibe amene anandilonjeza kuti kusiya mowa kudzandipatsa mwana, koma mumtima ndinali nditapangana ndi Mulungu ngati pamsika, ine ndipereke ichi, Iye apereke icho. Amuna anga anandipeza ndili pomwepo. Sanandikalipire. Anatola botolo, anandipatsa madzi, anakhala nane pansi pomwepo atavala yunifolomu mpaka kunja kunayamba kuyera. Mawa lake sindinagule lina.

Mwezi watha tinabwerera kuchipatala kukakonzekera kuika limodzi mwa awiri osungidwa aja. Anatipatsanso mafomu. Funso loyamba ndinachonga pomwe paja ndinachonga ulendo woyamba, kamodzi pamwezi kapena osafika, koma tsopano zinali zoona. Lachiwiri ndinawerenga botolo lija, linali la 12%, mayuniti 9. Lachitatu ndinavomera kuti zinachitikapo. Mapointi anakwana 5, ndendende pamene amayambira kufunsa zambiri. Namwino anali yemwe uja. Anaona nambalayo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, ndipo ndinamuuza za usiku wa m'khitchini kuyambira pa shopu mpaka pa madzi. Anamvetsera osandidula, anafunsa ngati zinachitikanso, ndinati ayi. Analemba pambali pa 5 uja kuti kamodzi, n'kuikapo deti la tsiku limenelo. Kenako anatsegula kalendala n'kundifunsa kuti msambo wanga wotsatira ndikuuyembekezera liti.